Maliro Osaletsa Mpira

Kwathu kuno, mbali ya Kaomba, kuli chigoli chimene sichikalamba. Amuna akakhala pakhonde pa sitolo, bawo ikawakwana, amachifukula. Wina amaimirira n'kuonetsa mmene mpira unachokera kukona, mnzake n'kumutsutsa kuti unachokera pakati, mpaka kutsala pang'ono kugwirana m'makolala. Kenaka onse amagwirizana chimodzi, kuti mutu umene unalowetsa mpirawo mu ukonde sudzabadwanso m'Kasungu muno. Ena amene amalongosola mokoma kwambiri anali asanamere mano tsikulo. Akandifunsa ngati ndinaliko, ndimayankha kuti chigolicho ndinachimva, sindinachione. Iwo amaganiza kuti ndinabisika kuseri kwa anthu ndi dengu langa, poti masiku amenewo ndinkagulitsa zitumbuwa pabwalo la mpira. Ndimangowasiya aganize choncho.

Mutu umenewo unali wa mlamu wanga, mwamuna wa mng'ono wanga. Ndinene msanga kuti mng'ono wangayo ali moyo, timadya m'mbale imodzi mpaka lero, kuti wina asamawerenge akuyembekezera maliro ake. Ndikukamba za maliro ena, amene anakanizidwa kukhala maliro.

Mlamuyo anali mwana wa matenanti. Makolo ake anabwera pa lole kuchokera kummwera iye ali kumsana, n'kuyamba kulima fodya pa esiteti imene inachita malire ndi mudzi wathu. Anakula monga akulira ana onse a pa esiteti, kupalira, kuthyola fodya, manja akuda ndi phula lake. Koma Mulungu anamupatsa kudumpha. Mwini esiteti anali ndi timu imene inalowa mu ligi ya m'chigawo, ndipo ataona kuti mnyamatayu akadumpha anzake amamuthera m'chiuno, anamuchotsa m'munda n'kumutcha kapitawo. Ukapitawo wake unali woyenda m'chigafa choumitsira fodya ndi kandodo uku akuimba mluzu, anthu akulu ngati bambo ake atawerama. Fodya wabwino ndi woipa sankamusiyanitsa, koma panalibe wom'funsa za masamba.

Mng'ono wanga ndiye mzime kwathu. Anali mwana woseka, woti ukam'kalipira amayamba wakusekerera kenaka n'kupepesa, iwe mkwiyo wonse n'kuthera m'khosi. Amayi atamwalira ndinam'lera ndine. Posoka fodya manja ake ankathamanga moti anzake ankakana kukhala naye pafupi, ati amawachititsa manyazi. Mnyamata uja anamuonera komweko, kuganyu ya kusoka fodya.

Mwambo wathu ndi woti mwamuna ndiye amabwera kudzamanga kwa mkazi, azilima abale a mkaziyo akumuona. Koma a komiti ya timu anati katswiri sangagone kutali ndi bwalo, ndiye anapempha chitengwa, kuti mkazi ndiye apite kwa mwamuna. Wovomera kapena kukana anali atsibweni, mlongo wawo wa amayi, amenenso anali nkhoswe ya banjalo. Tsoka lake atsibweni anali ndi vuvuzela. Munthu waimvi, wa zidzukulu, Loweruka lililonse ankadzipaka laimu kumaso n'kumathamanga m'mbali mwa bwalo ngati wagwidwa mizimu. Pempholo anavomera asanamalize n'kulimva komwe. Ankayenda akuuza aliyense kuti zigoli za esiteti tsopano zalowa m'banja mwathu.

Ndinayamba kuona m'nyengo yozizira, anthu ali pakalikiliki kusankha fodya. Ndinakumana ndi mng'ono wanga kuchigayo mlomo utatupa, ndipo anandiuza kuti wadzigunda pachitseko. Chitseko chawocho ndinkachidziwa, chinali cha nsungwi, choti ngakhale nkhuku ikachigunda chimapepesa ndi chitsekocho. Sindinam'panikize. Ulendo wachiwiri linali diso. Wachitatu ankatembenuka thupi lonse akafuna kuyang'ana kumbali.

Pa komboni ya esiteti nyumba zimachita kupumirana, munthu akatsokomola kwake woyandikana naye amati pepani. Choncho panalibe amene sankadziwa. Chimene sindinayembekezere n'chakuti kudziwako kudzasanduka masewera. Wina wake, sindidziwa kuti ndani koma Mulungu akum'dziwa, anazindikira kuti mlamu akamenya mkazi wake Lachisanu, Loweruka amagoletsa. Zinachitika kawiri kapena katatu, basi n'kukhala chiphunzitso. Loweruka m'mawa amuna ankadikira akazi awo abwere kuchokera kumjigo n'kuwafunsa kuti mlamu wathu, mkazi wa katswiri, wadzuka bwanji. Akamva kuti diso latsekeka, ankaombana m'manja, ati lero kuli zigoli, mnyamata watenthetsa kale thupi. Mawu amenewa ndinawamva ndi makutu angawa, kwa anthu amene ankagula zitumbuwa zanga, akutafuna.

Choseketsa, ngati chili choseketsa, n'chakuti akalephera kugoletsa ankam'menyanso. Pamenepo mlandu unkakhala woti mkaziyo anadumpha nsapato zake za mpira, kapena anamuyang'ana ndi diso loipa potuluka. Mpumulo wa mng'ono wanga unali umodzi wokha. Mwamuna akagoletsa, masapota ankamunyamula pamapewa mpaka kumalo omwera mowa, n'kum'sunga komweko mpaka Lolemba, ndipo ankabwerako wofewa ngati nthochi. Ndiye mwana uja, amene sankadziwa n'komwe kuti timu imakhala ndi anthu angati, anayamba kupempherera zigoli kuposa sapota wina aliyense.

Akazi nawo sanatsalire. Panali gulu la amayi oimba pabwalo, ovala zitenje zamtundu wa timu, ndipo mtsogoleri wawo anali mkazi wa wapampando wa komiti. Tonse tinkawatcha amayi tcheya. Anali mayi wathupi, wa mawu omveka kutsidya kwa dambo, ntchembere imene inkaitanidwa paliponse pamene pali za amayi, pobereka, potulutsa mwana, polanga namwali. Nyimbo ankapeka okha. Tsiku lina mng'ono wanga akudutsa pabwalo ndi ndowa pamutu, anamuyambitsira yatsopano:

Pirira mayi, pirira,
chigoli chili m'njira.

Bwalo lonse linalandira. Iye anamwetulira, poti akanatani, n'kupitirira madzi akutayikira paphewa. Ine ndinali pomwepo ndi dengu langa. Ndinkafuna kuwakhuthulira mafuta otentha onsewo, kuyambira amayi tcheya.

Ndinapita kwa atsibweni. Anandimvetsera akupukuta vuvuzela yawo ndi kansalu, n'kunena kuti banja ndi kupirira, ndipo nkhani yotere siikambidwa mothamanga, tidikire ligi ithe. Ndinapita kwa wapampando wa komiti. Iye anati za m'nyumba ya mwini saotchera mbatata, komanso mnyamatayo ali ndi mtolo waukulu pamutu, tisamusokoneze maganizo. Tsiku lina kunabwera bwana wina wa ligi kuchokera kutauni kudzaweruza mlandu wa wosewera wina amene anavula jezi n'kuiponyera oyimbira. Mlanduwo anauzenga mwaukali, mnyamatayo n'kuletsedwa kusewera kwa nthawi ndithu, ati wanyozetsa mpira. Ndinati apa ndiye pali munthu wodziwa chilungamo. Ndinam'tsata pagalimoto yake n'kugwada, n'kufotokoza zonse. Anatenga chitumbuwa m'dengu mwanga, n'kuchiluma, n'kuloza mzere wa laimu wozungulira bwalo.

"Mayi, malamulo athu amathera pamzere woyerawo. Za kunja kwake n'za ankhoswe."

Anayamikira chitumbuwacho, ati chinali chofewa bwino.

Dzuwa litayamba kuwawa, nthawi yothirira nazale za fodya, mng'ono wanga anatulukira kwanga ndi kathumba kakang'ono. Anali ndi pakati pooneka. Anati zomumenya iye anazolowera, koma tsopano mwamunayo wayamba kuponya mwendo, ndipo akuopera chimene chili m'mimba. Ndinam'yalira mphasa kuchipinda kwanga. Masiku amenewo anayambanso kuseka pang'ono, n'kumandinena kuti ndiwo zanga mchere umachita kufunsa njira.

Koma kubwalo zinthu zinaima. Mlamu anasewera osagoletsa, n'kubwerezanso osagoletsa, timu ili pafupi kukwera kupita mu ligi yaikulu. Simunaone anthu akudwala ngati mmene anadwalira anthu a kuno. Mphekesera inabuka yoti mkazi uja pochoka anamumanga miyendo mwamuna wake. Zitumbuwa zanga zinayamba kubwerera zonse. Anyamata podutsa pakhomo panga ankaimba Pirira mayi uja mokuwa, ena n'kumaponya miyala padenga. Pamapeto pake kunabwera nthumwi, atsibweni patsogolo, wapampando, amayi tcheya, ndi mlamu mwini wake kumbuyo, atanyamula shuga ndi chitenje chatsopano chamtundu wa timu. Mlamuyo anapepesa maso ali pafoni. Amayi tcheya analonjeza kuti mwanayu akhala m'manja mwawo, aziyang'anira okha, ntchentche siimutera. Atsibweni anati nkhani yatha, ndipo anaomba m'manja okha.

Ine ndinakana mpaka mawu kusasa. Koma mng'ono wanga anapinda zovala zake. Anandiuza kuseri kwa nkhokwe kuti sangapirire kuona nyumba yanga ikugendedwa chifukwa cha iye, ndiponso ligi yatsala pang'ono kutha, apirira. Mawu a nyimbo aja anali atam'lowa.

Sipanapite nthawi. Timu inapita koyenda, mlamu n'kuphonya penate, masewero n'kuthera osagoletsana. Atabwerako, mwendo umene unaphonya mpira uja sunaphonye mimba ya mkazi wake. Uthenga unandipeza ndili kudimba, woti matenda ayamba mwezi usanakwane ndipo am'tengera kuchipatala pangolo. Nditafika ndinapeza amayi tcheya ali kale pambali pa bedi, monga analonjezera. Namwino atafunsa chimene chinachitika, anayankha ndi iwowo, ati mtsikanayu anaterereka ndi kheni pothirira nazale. Ndinatsegula pakamwa, koma mng'ono wanga anandigwira chitenje n'kupukusa mutu.

Mwana anabadwa wamoyo. Anali wamkazi, wochepa ngati chinangwa chimodzi, zala zake ngati timitengo ta machesi. Koma analira, ndipo anayamwa. Anamwino anam'phunzitsa mayi wake kumusunga pachifuwa, khungu kukhudza khungu, atam'manga ndi nsalu. Atatulutsidwa m'chipatala ndinasiya zanga zonse n'kukakhala nawo pa komboni. Mlamu ankalowa n'kutuluka ngati mlendo wa pa lendi. Mwanayo anam'suzumira kamodzi n'kunena kuti kwawo sabereka tinthu totere.

Kamwanako kanalimbikira. Mchombo unagwa. Tinachita zonse zimene zimachitika potulutsa mwana m'chikuta, m'nyumba mmene mayi ndi khanda amabindikira masiku oyamba. Tinam'meta tsitsi lobadwa nalo, tinam'sambitsa, tinam'tulutsa panja anthu n'kumuona. Amene anam'nyamula pomutulutsa pakhomo, n'kumuonetsa dzuwa, n'kuimba nthungululu mpaka agalu kuuwa, anali amayi tcheya. Dzina ndinam'patsa ndine. Sindilitchula pano. Ndimalitchula ndikakhala ndekha, ndipo mayi wake amalitchula akamadwala malungo.

Tsopano masewero otsiriza anayandikira, ndipo anali a pakhomo. Alendo anali timu ya kumpoto, mbali ya Kaluluma. Nkhani inali yachidule: tikapambana takwera, tikapanda kupambana takhalira. Lamulo la ligi linalinso lachidule, loti eni bwalo akalephera kusewera pa chifukwa chilichonse, mapointi amapita kwa alendo. Sabata yonseyo pa esiteti panalibe wogwira ntchito ndi mtima wonse. Bwalo analisesa ngati pabwera bishopu. Osewera anawatsekera kukampu m'shedi ya fodya, kuti asayandikire akazi awo, poti sing'anga wa timu anati mkazi amaziziritsa miyendo.

Mwana anayamba kubanika Lachisanu. Loweruka dzuwa likutuluka, ali pachifuwa pa mayi wake, anangosiya kupuma, mwakachetechete ngati mmene anakhalira moyo wake wonse. Ndinam'gwira kaphazi, ndinam'gwira pamphuno. Mng'ono wanga anandiyang'ana, ndipo nditagwetsa nkhope anatsegula pakamwa. Kulira kwake kunatuluka kamodzi kokha.

Amene sadziwa kuno ayenera kumva chimene kulira kumeneko kumatanthauza. Pakagwa maliro pamudzi kapena pa komboni, zonse zimaima. Khasu siligwira nthaka, wailesi imazimitsidwa, pamsewu amaikapo masamba kuti wanjinga atsike ndi wagalimoto achepetse liwiro. Mpira suseweredwa, makamaka pabwalo loti likuonekera pakhomo pa siwa, nyumba ya maliro. Ndipo bambo wa mwana amakhala pansi pamodzi ndi amuna anzake mpaka thupi litalowa m'manda. Aliyense pa komboni ija ankadziwa zimenezi, ndipo aliyense atamva kulira kuja anawerengera mofulumira.

Amayi tcheya analowa akuthamanga, chitenje chili m'manja. Sanayang'ane mwana. Anafikira kutseka pakamwa pa mng'ono wanga ndi chikhatho chawo chonse. Pambuyo pawo panalowa ntchembere zina, zomwe zija zoimba pabwalo, n'kutseka chitseko cha nsungwi chija. Ananong'onezana pang'ono pakona. Kenaka amayi tcheya anatembenuka n'kulengeza kuti pano palibe maliro, uwu ndi mtayo.

Mtayo ndi mwana wobadwa wakufa, kapena wopita asanatuluke m'chikuta. Ameneyo amati sanafike, wangosuzumira n'kubwerera. Salira, saika masamba pamsewu, sakhoma bokosi, amuna sayandikira. Amayi okha amakam'kwirira m'kadzenje kosaya kumphepete kwa manda, n'kubwerako ngati achokera kotola nkhuni. Mayi wake amam'letsa kugwetsa msozi, ati akalira sadzaberekanso. Mwambowu ndinkaudziwa, ndipo sindinkautsutsa. Koma uyu sanali mtayo.

"Amayi, mwanayu munam'tulutsa ndinu," ndinatero. "Munam'nyamula ndi manja anu omwewa. Ali ndi dzina."

"Anabadwa masiku asanakwane. Mwezi wake wobadwira ndi uno. Ndiye mwana woti sanayenere n'kubadwa komwe, mukuti watuluka m'chikuta chiti?"

"Nanga nthungululu zija munkaimbira chiyani?"

"Iwe, usatiphunzitse mwambo. Unabereka angati?"

Anadziwa pomenya. Ine sindinabereke, ndipo pa komboni ponse ankadziwa. Ntchembere zina zija zinayang'ana pansi, koma panalibe imene inatsutsa.

Ndinatuluka kukafuna atsibweni. Sindinavutike, anali kale panja, laimu ali kumaso m'mawa womwewo. Ndinawauza kuti mdzukulu wawo wamwalira ndipo akufuna kum'taya ngati mwana wa mbuzi. Anakanda m'mutu, n'kuyang'ana kubwalo, n'kunena kuti zimenezi n'za amayi, mwamuna salowererapo, zikatero ndiye kuti ntchembere zaona. Ndinathamangira kwa mkulu wa mpingo amene ankakhala pa komboni pomwepo. Mkazi wake anati wapita kukathandiza kumanga ukonde pagolo.

Ndiye ndinachita chimene ndikanatha ndekha. Ndinatenga chikwanje, ndinadula nthambi za mtengo wa kesha, n'kukaziyala pamsewu wolowera pa esiteti, mbali zonse ziwiri, monga tichitira. Ndinati lole ya alendo ikafika iona, ndipo anthu a kumpoto aja maliro amawalemekeza. Ndisanafike n'komwe pakhomo, ndinamva ng'oma kumbuyo kwanga. Linali gulu la masapota ochokera kumidzi, akubwera akuvina. Anaona masambawo. Sindinganame kuti sanadziwe tanthauzo lake, mwana aliyense amadziwa. Anaima pang'ono, wina n'kuwanong'oneza, kenaka anatola nthambizo imodziimodzi n'kuyamba kuzikupiza m'mwamba, akuimba, kulowera kubwalo. Masamba a maliro a mwana wathu ndi amene analandira alendo tsiku limenelo.

Mlamu anabwera dzuwa litakwera, wapampando ali pambali pake ngati wapolisi woperekeza mkaidi. Anali atamuuza kale za mwanayo. Anaima pakhomo osalowa, poti sing'anga analetsa. Ndinayembekezera kuti mwina aone kankhope kaja kotsiriza, kapena anene liwu limodzi loti munthu n'kuligwira. Anayang'ana padenga, n'kufunsa kumene kuli masokosi ake. Mng'ono wanga anali atawachapa Lachinayi, mwana ali pachifuwa. Analoza ndi chibwano pachingwe. Ntchembere ina inawatenga n'kum'patsira pakhomo, n'kumuuza kuti alimbe mtima, zonse zili m'manja mwa amayi, iye akangochita ntchito yake. Anagwedeza mutu ngati munthu amene wapatsidwa ulemu waukulu pa nthawi yovuta. Pambuyo pake ndinamva anthu akum'tama kuti ndi mwamuna weniweni, wosewera ali ndi chisoni mumtima.

Amayi aja ankafuna kuti zonse zithe m'mawa, kuti apeze nthawi yosamba ndi kuvala. Koma mng'ono wanga anakana kupereka mwana. Sanalire, sanakangane ndi munthu. Anangopinda manja pachifuwa pomwe panali mwanayo, nsalu ili chimangire, n'kukhala tsonga kuyang'ana khoma. Anam'nyengerera, anam'kalipira, anamuopseza kuti chiberekero chake chiuma. Wina anayesa kumasula mfundo ya nsalu kumsana, ine n'kum'menya dzanja. Kunja lole ya alendo inafika, mavuvuzela akulira, anthu akudutsa pakhomo pathu kuthamangira kubwalo, ena akusuzumira kuti aone chimene chikuchedwetsa amayi oimba. Amayi tcheya ankatuluka n'kulowa, thukuta lili kamukamu, akung'ung'udza kuti mtsikanayu ndi wouma mtima, saganizira anzake.

Wezulo yoyambira masewero itamveka, mng'ono wanga anayankhula koyamba. Anati apereka, koma akam'goneka yekha kumanda, ndipo anyamula yekha. Mwambo sulola mayi kupita kotaya mtayo. Koma apa mwambo unafewa msanga, poti nthawi inali itatha. Amayi tcheya anatenga chitenje chatsopano chija cha timu, chimene anabwera nacho kwathu popepesa, kuti akulungire mwana. Ndinachilanda n'kuchiponya panja. Ndinavula changa chakale, chimene ndinkam'fundika mwanayo pomuwotheza dzuwa, ndipo tinam'kulunga m'menemo.

Tinadzera kuseri kwa zigafa kuti tisakumane ndi anthu, ngati akuba. Tinadutsa m'mbali mwa nazale, mbande za fodya zili zobiriwira bwino, zothiriridwa m'mawa ndi madzulo, zofunditsidwa udzu kuti dzuwa lisaziwotche. Tinalipo amayi ochepa. Amene anatsagana nafe anali atavala kale malaya a timu m'kati, atangofunda zitenje pamwamba, makolala akuonekera. Panalibe nyimbo, panalibe pemphero. Phokoso la kubwalo linkatitsata njira yonse, likukwera n'kutsika, ndipo likakwera mapazi a amayi aja ankafulumira okha.

Kumphepete kwa manda, pansi pa tchire louma, anakumba ndi kakhasu kakang'ono. Nthaka ya mwezi umenewo ndi youma ngati njerwa, ndipo dzenjelo silinafike n'komwe m'bondo pamene amayi tcheya anati lakwana, mtayo sakumbira mozama. Mng'ono wanga anagwada, n'kumasula nsalu pachifuwa. Pamene panali mwana panatsala chidindo chonyowa ndi mkaka. Anam'goneka yekha, n'kukonza chitenje kumutu kuti dothi lisam'lowe m'maso. Maso ake iye anali ouma. Ntchembere ziwiri zinaima pambali pake zikum'yang'anitsitsa kumaso, kulondera msozi.

Tinayamba kukankhira dothi ndi manja. Litafika pakati, kubwalo kunaphulika. Linali phokoso loti mbalame zinabuka m'mitengo ya kumanda, ng'oma, mavuvuzela, zitini, anthu kukuwa ngati dziko likutha. Ndipo pomwepo, pamphepete pa dzenje, mayi wina wachitsikana amene anali ndi dothi m'manja anaponya mutu kumbuyo n'kuimba nthungululu. Inatuluka yonse, yaitali, yokoma. Atazindikira anadzigwira pakamwa. Panalibe amene anam'dzudzula. Amayi tcheya anali atatembenukira kale kubwalo, khutu lili tcheru, milomo ikugwedera kufuna kumwetulira. Kenaka nyimbo inatifika bwinobwino kudutsa dambo, bwalo lonse likuimba Pirira mayi, ndipo tonse tinadziwa mwini chigolicho.

Amayi tcheya anati zotsalazi timaliza ife abale, iwo akufunika kwina. Anavula chitenje chapamwamba akuyenda. Anzawo anawatsatira, poyamba mwaulemu, atafika panjira n'kuyamba kuthamanga.

Tinatsala awiri. Mng'ono wanga anali chigwadire, manja ali m'dothi, mutu ataupendeketsa kumvetsera.

"Akulu, wagoletsa ndi iyeyo?"

Ndinati inde, nyimboyo ndi yake.

Anapuma mpweya wautali, mapewa n'kugwa, ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni.

"Basi, lero sandimenya."

Ndipo anapitiriza kukankhira dothi. Ine ndinapita kukafuna miyala yoti tiike pamwamba, chifukwa dzenjelo linali losaya ndipo agalu a pa esiteti anali anjala.